Mmene ndimayezera ngati mankhwala akusokoneza mahomoni a khoswe wamphongo

Ophunzira ambiri akamalowa m'chipinda chathu cha makoswe amakhala atanyamula kale kabotolo. Wina wabweretsa mankhwala opha udzu omwe bambo ake amapopera m'munda wa chimanga, wina madzi a pachitsime choyandikana ndi dzala, wina kaufa koyera kochokera kwa ogulitsa zipangizo za mu labu. Funso limakhala lomwelo: "Bambo, ndiwamwetse masiku angati kuti ndiyeze testosterone?" Ine ndimawauza kuti aike kaye botololo pashelefu, tikhale pansi. Ndasamalira makoswe oyera a kafukufuku kwa zaka zambiri, ndipo ntchito zochuluka zomwe ndaziona zikufera m'njira zinafa chifukwa mwiniwake anangoyeza testosterone, homoni yachimuna, yokha, tsiku limodzi, n'kumati nkhani yatha.

Yambani mwadziwa kumene testosterone imachokera. Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus, kamene kamatulutsa homoni ya GnRH (mahomoni ndi amithenga a thupi oyenda m'magazi). Iyi imadzutsa pituitary, kanthu kochepa ngati kanjere, ndipo pituitary imathira mahomoni a LH ndi FSH m'magazi. LH ikafika m'machende imalamula maselo a Leydig kuti apange testosterone kuchokera ku cholesterol. FSH imapita kwa maselo a Sertoli, omwe ndi alezi a mbewu ya umuna. Testosterone ikachuluka imabwerera ku ubongo kukanena kuti zakwana, LH ichepe.

Poizoni aliyense ali ndi pomwe amadulira chingwe chimenechi. Atrazine, amene amapezeka m'mankhwala ena opha udzu m'chimanga, amavutitsa kumtunda, kuubongo, LH n'kuchepa. Ma phthalate monga DBP ndi DEHP, omwe amafewetsa mapulasitiki, amafooketsa maselo a Leydig pamene khoswe ali m'mimba mwa mayi wake. Cadmium amaononga timitsempha ta magazi ta m'machende, ndipo zimenezi zinadziwika kale mu 1956, pamene Jiří Pařízek anaona kuti jakisoni mmodzi yekha akutha kuoletsa machende a khoswe. Koma ochenjera kwambiri ndi DDE, chotsalira cha mankhwala ophera tizilombo a DDT m'thupi, ndi vinclozolin, mankhwala ophera nkhungu pa mbewu. Awa testosterone saichepetsa. Amangokakhala pampando wake m'maselo, iyo ikafika n'kupeza pokhala palibe. William Kelce ndi anzake anasonyeza zimenezi za DDE mu 1995. Khoswe wotere mukamutenga magazi mupeza testosterone yokwanira bwino, nthawi zina yokwera kumene chifukwa ubongo ukuona ngati ikusowa, pamene ziwalo zake zachimuna zikufota. Wongoyeza magazi adzalemba kuti mankhwalawa alibe vuto.

Musanagwire khoswe aliyense, tengani chilolezo ku komiti yoona za kasamalidwe ka nyama pa kafukufuku. Adzakufunsani zinthu zitatu zomwe William Russell ndi Rex Burch analemba mu 1959: kodi simungapeze yankho popanda nyama, kodi simungachepetse chiwerengero chake, nanga ululu muuchepetsa bwanji. Yankhani moona. Makoswe 60 ofera kafukufuku wosakonzedwa bwino ndi tchimo, ndimatero ine.

Tsopano za khola, pomwe anthu amanyozerapo. Tengani mtundu umodzi, Wistar kapena Sprague-Dawley, amsinkhu umodzi, ochokera kumodzi. Akafika asiyeni sabata yathunthu azolowere malo. Chipinda chikhale pa madigiri 22, osapitirira kapena kutsika ndi madigiri oposa 3, kuwala maola 12 ndi mdima maola 12. Kwathu kuno lamulo la madigiri ndi lovuta. Kutentha kwa mu Okutobala pakokha kumaononga mbewu ya umuna, ndiye ngati chipinda chanu chili ndi denga lamalata popanda choziziritsira, konzani kuti ntchito igwe miyezi yozizira, apo ayi mudzanamizira mankhwala mlandu wa dzuwa.

Chakudya chiyang'aneni kawiri. Zakudya zambiri za makoswe amaikamo soya, ndipo mu soya muli genistein, amene m'thupi amachita ngati homoni yachikazi. Gulani thumba lokwanira ntchito yonse, lochokera pa mphero imodzi, makamaka lopanda soya ngati lilipo. Chaka china chakudya chinatithera pakati pa ntchito, tinagula cha nkhuku zoikira mazira poganiza kuti n'chimodzimodzi, ndipo zotsatira za gulu lachiwiri zinakana kugwirizana ndi za gulu loyamba. Miyezi itatu inapita pachabe. Mabotolo a madzi akhale agalasi. Makola apulasitiki akale ong'aluka, tayani. Mu 1998, mu labu ya Patricia Hunt ku Cleveland, ku America, wina anatsuka makola a mbewa ndi sopo wolakwika, pulasitiki inayamba kutulutsa bisphenol A, mankhwala osokoneza mahomoni, ndipo mazira a mbewa zomwe sizinapatsidwe mankhwala alionse anayamba kuoneka olakwika. Utuchi woyala pansi musakatole kwa kalipentala amene amacheka matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe.

Pogawa magulu, chitani maere. Lembani manambala pa timapepala, ikani m'chipewa. Khoswe amene amagwidwa msanga mukapisa dzanja m'khola ndi wofatsa kapena wofooka, ndiye mukamangoti woyamba kugwidwa apite gulu loyamba, mwakondera kale musanayambe.

Magulu akhale osachepera anayi: atatu a mankhwala pa milingo yosiyana, wochepa, wapakati ndi waukulu, ndi limodzi loyerekezera. Mankhwala ambiri otere sasungunuka m'madzi, choncho timawasungunula m'mafuta a chimanga. Gulu loyerekezera nalonso limwe mafutawo, tsiku lililonse, ndi kachubu komweko, ndi dzanja lomwelo. Mlingo umawerengedwa pa kulemera kwa thupi, mamiligalamu pa kilogalamu, ndiye sikelo ndi ya tsiku ndi tsiku. Pomwetsa, gwirani chikopa cha pakhosi kumbuyo kuti mutu ndi msana ziongoke, lowetsani kachubu kansonga yobulungira m'mbali mwa kamwa pang'onopang'ono. Mukamva kuti kakukana, bwezani. Mafuta akalowa m'mapapo khoswe amayamba kubanika muli chigwirire, ndipo sachira. Wophunzira aliyense ndimamuyambitsa ndi madzi okha mpaka dzanja litaleka kunjenjemera.

Funso lalikulu ndi msinkhu wa khoswe amene mukumumwetsa, chifukwa mankhwala omwewo amachita zosiyana pa misinkhu yosiyana.

Ngati mukungofuna kudziwa ngati mankhwala akutsekereza testosterone, njira yachidule ndi ya Hershberger, yomwe inayamba mu 1953 ndipo bungwe la mayiko la OECD, lomwe limakhazikitsa njira zoyezera mankhwala, linaikhazikitsa mu 2009 pa nambala 441. Makoswe a masiku pafupifupi 42 amafulidwa atagonetsedwa ndi mankhwala, n'kupatsidwa masiku osachepera 7 kuti apole. Mfule sapanga testosterone yakeyake, ndiye inuyo ndi amene mumamupatsa, jakisoni wa testosterone propionate pansi pa khungu, mamiligalamu 0.2 kapena 0.4 pa kilogalamu, pamodzi ndi mankhwala mukuyesawo, kwa masiku 10 otsatizana. Gulu lililonse makoswe osachepera 6. Gulu limodzi lipatseni flutamide, mamiligalamu 3 pa kilogalamu, mankhwala odziwika kale kuti amatsekereza testosterone. Gulu limeneli likapanda kusintha, dziwani kuti cholakwika chili m'manja mwanu. Patatha maola 24 chimwetsereni komaliza, mumachotsa ziwalo zisanu zomwe zimakula ndi testosterone n'kuziika pa sikelo: prostate ya kutsogolo, matumba a madzi a umuna, mnofu wa levator ani ndi mnzake, tizigawo tiwiri ta Cowper, ndi nsonga ya chokodzera. Ziwiri kapena kuposa zikachepa mooneka pa masamu, mankhwalawo ali ndi mlandu. Chenjezo langa lili pa matumba a umuna. Muli madzi, ndipo mukaboola limodzi ndi nsonga ya sizasi madziwo n'kutayika, kulemera kwake kwanama. Mangani kaye kukhosi kwake ndi kopanira musanadule. Tiziwalo tating'ono timauma msanga pa tebulo, ndiye mbale ikhale yovundikira ndipo muziyeza nthawi yomweyo.

Ngati funso lanu ndi la kutha msinkhu, njira ya bungwe loteteza chilengedwe la EPA la ku America ndi kumwetsa kuyambira tsiku la 23 chibadwire mpaka la 53. Kuyambira tsiku la 30 mumayang'ana m'mawa uliwonse ngati khungu la kunsonga kwa chokodzera layamba kubwerera m'mbuyo mukakankha pang'ono ndi zala. Khoswe wabwinobwino zimachitika cha m'masiku 40 mpaka 45. Atrazine amachedwetsa tsiku limeneli. Lembani tsikulo pamodzi ndi kulemera kwa khosweyo, chifukwa khoswe wonyentchera amachedwa kutha msinkhu ngakhale popanda poizoni.

Kwa khoswe wamkulu, musafulumire. Mbewu ya umuna imatenga masiku opitirira 50 kuti ipangike, kuphatikizapo masiku ena okhwimira m'kachubu kopindikapindika ka pambali pa chende. Kumwetsa sabata ziwiri n'kukawerenga umuna ndi kuwerenga mbewu yomwe inapangidwa mankhwala asanafike. Ndi chifukwa chake timamwetsa masabata 10.

Koma ntchito yomwe ine ndimaikonda, ndipo ndi imene imaulula zambiri, ndi ya makoswe a bere. Bere la khoswe ndi la masiku 21 mpaka 23. Madzulo mumaika wamkazi m'khola la wamphongo, m'mawa mwake n'kuyang'ana kachotsekera koyera kouma kumaliseche kwake kapena pansi pa khola, kapena kuona umuna pa maikulosikopu. Tsiku limenelo ndiye poyambira kuwerenga, ndipo mukaliphonya zonse zasokonekera. Gulu la Richard Sharpe ku Edinburgh, ku Scotland, linasonyeza mu 2008 kuti thupi la mwana wamphongo limaumbidwa kukhala lachimuna m'masiku ochepa chabe, pafupifupi kuyambira tsiku la 15.5 mpaka la 18.5 la bere. Testosterone ikasowa kapena ikatsekerezedwa pa masiku amenewo, chilema chake n'chamuyaya, ngakhale pambuyo pake homoniyo ibwerere mwakale. Mankhwala omwewo, mlingo womwewo, mukapereka masikuwo atadutsa, zilema zija simuziona.

Ana akabadwa, pakati pa tsiku lobadwa ndi tsiku la 4, mumayeza kamtunda kochokera potulukira chimbudzi kufika pa kachotupa ka maliseche. Mwana wa khoswe panthawiyi ndi kanthu kofiira, kopanda ubweya, kosaona, kotalika ngati chala chaching'ono, ndipo mkaka umaonekera m'mimba mwake ngati kadontho koyera. Mumamugoneka chagada pachikhatho chofunda, osamukoka mchira chifukwa khungu likatanuka muyeso umatalika, n'kuika kalipa, kachida koyezera utali wa tinthu tating'ono. Mwa wamphongo kamtundaka n'kotalika pafupifupi kawiri kuposa mwa wamkazi, ndipo ndi testosterone ya m'mimba imene imakatalikitsa. Ana a mayi amene anamwa DBP wambiri, amphongo amakhala ndi kamtunda kafupi mpaka nthawi zina umakaika kuti wagwira mwamuna kapena mkazi. Woyeza akhale munthu mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo asadziwe kuti khola ili ndi la gulu liti. Mnzake ndiye asunge kope la manambala. Dzanja la munthu limakondera lokha likadziwa yankho lomwe mwini wake akufuna. Yezaninso kulemera kwa mwana aliyense, chifukwa mwana wamng'ono thupi amakhala ndi kamtunda kakang'ono mwachibadwa, ndipo pa masamu timagawa muyesowo ndi cube root ya kulemera kwake. Pakani manja utuchi wa m'khola lomwelo musanagwire ana, ndipo abwezeni msanga. Mayi wosokonezedwa amatha kudya ana ake.

Pa tsiku la 12 kapena 13, ubweya usanaphimbe mimba, mumawerenga nsonga za mabere. Ambiri amadabwa ndikawauza kuti khoswe wamphongo alibe mabere ngakhale limodzi. Wamkazi ali nawo 12, koma mwa wamphongo homoni yachimuna imawafufuta asanabadwe. Ndiye mukatembenuza kamphongo pansi pa nyali yowala n'kuona timadontho takuda tili pamzere m'mbali mwa mimba, kawiri, kanayi, kasanu ndi kamodzi, mwaona ndi maso anu kuti china chake chinatsekereza homoni m'mimba. Kuona maso a nkhono n'kudekha: timadonthoti n'tosavuta kutiphonya, ndipo ine ndimayang'ana mwana aliyense kawiri. Akakula mudzaonanso zina, monga chibowo cha mkodzo chotulukira pansi m'malo mwa kunsonga, ndi machende osatsika. Ma phthalate amachepetsanso homoni ya INSL3, imene imathandiza kutsitsa machende.

Apa pali msampha wa masamu umene wagwetsa ambiri. Ana 10 a mayi mmodzi si makoswe 10 oyesedwa. Amene anamwa mankhwala ndi mayi, ndiye onsewo amawerengedwa ngati mmodzi. Mukufunika amayi ambiri pa gulu lililonse, osati ana ambiri a amayi awiri.

Tifike ku magazi aja ophunzira amawafunsa tsiku loyamba. Testosterone ya khoswe siyenda mofanana. Imatuluka mwa apo ndi apo, imasintha ndi nthawi ya tsiku, ndipo mantha amaisokoneza. Makoswe awiri athanzi a khola limodzi akhoza kusiyana kutalitali. Choncho tengani magazi onse m'mawa, mkati mwa maola awiri kapena atatu omwewo, ndipo sakanizani magulu: mmodzi wa gulu ili, wotsatira wa gulu lina. Mukayamba ndi gulu loyerekezera 8 koloko n'kumalizira la mlingo waukulu masana, chimene mwayeza ndi wotchi. Odikira akhale chipinda china, asamve fungo la magazi kapena kulira kwa anzawo. Siyani magazi aundane kwa theka la ola, zunguzani pa centrifuge, makina ozunguza timachubu, mphindi 10 mpaka 15, tengani madzi achikasu a pamwamba. Agaweni m'timachubu tiwiri kapena titatu, ndipo tisakhale mufiriji imodzi. Ife tinaphunzira ndi misozi: magetsi anazima Lachisanu usiku, jenereta inalibe mafuta, Lolemba tinapeza zonse zitasungunuka. Kuyambira pamenepo ndimaumitsa madzi m'kakapu n'kuika kandalama pamwamba pa ayezi. Ndikapeza kandalamako katamira, ndimadziwa kuti firiji inasungunukapo ine kulibe.

Pogula zida za ELISA, zoyezera kuchuluka kwa mahomoni m'magazi, onetsetsani kuti za LH ndi FSH ndi za khoswe, chifukwa za anthu sizigwira bwino pa mahomoni awiriwa. Magazi a khoswe aliyense ayezedwe kawiri, ndipo pa mbale iliyonse pakhale magulu onse.

Kenaka werengani mahomoniwo pamodzi, ngati mboni zitatu za mlandu umodzi. Testosterone yotsika, LH yokwera: vuto lili m'machende, ubongo ukufuula koma palibe woyankha. Zonse ziwiri zotsika: vuto lili kumtunda. Testosterone ili bwino kapena yokwera koma prostate ndi matumba a umuna zafota: wina wakhala pampando uja. FSH yokwera kawirikawiri imaloza ku maselo a Sertoli ndi mbewu yoonongeka. Ndipo musanakondwe ndi chilichonse, yang'anani sikelo. Khoswe amene wadwala, wasiya kudya, watsika thupi kwambiri, testosterone yake imatsika ndi njala yomweyo. Zikatero simunapeze mankhwala osokoneza mahomoni, mwangopereka mlingo wodwalitsa. Chende limodzi lisungeni m'madzi osungira ziwalo a Bouin kapena Davidson kuti mudzalione pa maikulosikopu. Formalin wamba amakwinyitsa timachubu ta mkati, chithunzi n'kuipa.

Pomaliza kulemba, ophunzira amakonda kudumpha kuchoka pa khoswe kufika pa abambo a m'mudzi. Dekhani. Milingo ya DBP yomwe imapereka zilema zoonekeratu, monga mamiligalamu 500 pa kilogalamu, kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi magalamu 30 tsiku lililonse, ndipo palibe amene amadya wochuluka chotero kuchokera m'jumbo. Komanso ma phthalate sachepetsa testosterone mwa ana a mbewa za mu labu monga amachitira mwa makoswe, ndiye ngakhale pachibale pomwepo pali kusiyana. Zomwe Tyrone Hayes anapeza mu 2010, zoti achule ena amphongo a mtundu wa Xenopus laevis anasanduka aakazi ataleredwa m'madzi a atrazine wochepa kwambiri, akatswiri akukanganabe nazo mpaka lero, ngakhale kuti mayiko a European Union analeka kuloleza atrazine mu 2004.

Koma musapeputsenso khoswe. Ulla Hass ndi anzake ku Denmark anasonyeza mu 2007 kuti mankhwala atatu otsekereza testosterone, lililonse pa mlingo woti palokha silisintha kanthu kooneka, akaphatikizidwa amafupikitsa kamtunda kaja. Munthu sakumana ndi mankhwala amodzi okha. Ku Limpopo, ku South Africa, m'midzi yomwe nyumba zimapoperedwa DDT pothana ndi malungo, ofufuza a ku University of Pretoria anapeza mu 2007 kuti anyamata okhala ndi DDE wambiri m'magazi anali ndi umuna wofooka. Ndipo pali nkhani ya DBCP, mankhwala ophera tinyongolotsi ta m'nthaka. Kafukufuku wa mu 1961 anaonetsa kale kuti amafotetsa machende a makoswe. Anapitirizabe kupangidwa, mpaka mu 1977 pamene amuna ogwira ntchito pa fakitale ina ku Lathrop, ku California, anazindikira pocheza okhaokha kuti palibe amene mkazi wake akuima. Atayezedwa, ena analibiretu mbewu, FSH yawo ili pamwamba, monga mmene khoswe ananenera zaka 16 m'mbuyomo.

Ntchito ikatha pamatsala mafuta osakaniza ndi mankhwala, utuchi wonyowa ndi mkodzo, magolovesi ndi mitembo. Mafutawo musathire mu sinki. Tsekerani m'botolo lagalasi, lembanipo dzina la mankhwala ndi tsiku, perekani kwa oyang'anira zinyalala zoopsa. Mitembo iumitsidwe m'matumba awiri mpaka tsiku lokaiotcha mu ng'anjo ya zinyalala za chipatala. Kudzala ayi, agalu ndi amphaka amafukula. Ndipo ngati pa gulu lanu pali mayi woyembekezera, ntchito yosakaniza mankhwala ndi yosintha utuchi apatsidwe wina, iye agwire kope la manambala.